Pulogalamu ya bizinesi ili ngati jekete la pakaunjika: pindani manja, musasomole mapewa

Wogula jekete pakaunjika amadziwa kale kuti silinasokedwere iyeyo. Amapita nalo kwa telala wapakhonde, telala n'kupinda manja, n'kusuntha mabatani, mwinanso kubweza pang'ono m'chiuno. Koma mukamuuza kuti asomole mapewa, telala wodziwa ntchito yake amakuyang'anani kaye, kenako n'kunena kuti, "Bwana, bola mukangogula lina."

Mapulogalamu oyendetsera bizinesi nawonso ndi otero. QuickBooks inachokera ku America, Sage Pastel ku South Africa, Odoo ku Belgium, ERPNext ku India. Amene anawalemba sankaganizako za munthu wa ku Limbe wogula malata khumi, ndalama ina n'kulipira pa Mpamba, ina pamanja, yotsalayo n'kuti "ndidzamaliza tikalandira". Kusintha ndiye sikuthawika. Nkhani yagona pa kudziwa kuti manja ndi ati, mapewa ndi ati.

Chitsanzo changa chikhala shopu ya hadiweya yokhala ndi nthambi ziwiri ndi weyahausi imodzi, poti mavuto onse amakumana mmenemo: katundu wowerenga, woyeza pasikelo, wodula ndi tepi, wochokera kunja, ndi makasitomala angongole. Nditchula kwambiri ERPNext ndi Odoo chifukwa ndi amene amalola munthu kulowa mkati kwambiri, ndipo ndi mmene anthu amavulaliramo.

Yambani ndi kope, kompyuta idikire

Tengani kope ndi bolopeni, mukhale pashopu masiku awiri kapena atatu. Sankhani thumba limodzi la simenti mulitsatire ndi maso kuyambira tsiku looda mpaka litakwera ngolo ya kasitomala. Amaoda ndani? Lole ikafika amawerenga ndani, nanga amasaina papepala liti? Matumba awiri akang'ambika potsitsa, amalemba pati? Lochoka kuweyahausi kupita kunthambi limatuluka ndi chikalata chanji? Lembani dzina la pepala lililonse ndi udindo wa munthu aliyense amene walikhudza.

Musafunse eni shopu okha. Abwana amakuuzani mmene ntchito iyenera kuyendera, pamene kashiya ndi mnyamata wa kuweyahausi amakuonetsani mmene imayendera. Abwana anganene motsindika kuti pano sitikongoza, koma pansi pa kauntala pali kabuku kakuda ka mayina a anthu amene "timadziwana nawo". Kabukuko mukakasiya kunja kwa pulogalamu, kadzapitiriza kukhalapo, ndipo madzulo alionse ndalama za m'kabati sizidzagwirizana ndi za pakompyuta.

Tcherani khutu makamaka pa zochitika zokhota. M'hadiweya zakwathu kuno muli chizolowezi ichi: munthu amene akumanga nyumba amalipiratu matumba 100 a simenti poopa kukwera kwa mtengo, koma kwawo kulibe posunga, ndiye amatenga khumi khumi sabata iliyonse. Ndalama zalowa, katundu akadali mwanu, koma si wanunso. Lembani zoterezi zonse, pamodzi ndi za wobweza penti wolakwika mtundu ndi za kontilakita amene amatuma mnyamata ndi kakalata.

Gawani zofuna zanu m'milu itatu

Mukatseka kope mukhala ndi mndandanda wautali, ndipo aliyense pashopu awonjezerapo zake. Apa mpofunika kuuma mtima. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Mulu woyamba ndi zomwe lamulo likufuna: TPIN (nambala yanu ya msonkho) painvoyisi, VAT yowerengedwa bwino, PAYE (msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito), penshoni. Pamenepa palibe kukambirana.

Mulu wachiwiri ndi zomwe zimakudyetsani, zija zimachititsa kasitomala kudutsa mashopu atatu kubwera kwa inu. Kusungira anthu simenti yolipiridwa kale kuli mu mulu umenewu. Pulogalamu iyenera kugonjera zimenezi.

Mulu wachitatu ndi chizolowezi chabe. Invoyisi imasainidwa ndi anthu atatu chifukwa kalekale kunali kalaliki wina amene ankaba, ndipo anachoka zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Lipoti la Lachisanu lili ndi mizati khumi ndi iwiri poti ndi mmene akauntanti woyamba analijambulira mu Excel. Pa mulu uwu asinthe ndi inuyo, pulogalamu muisiye. Ine ndimapeza kuti mulu wachitatuwu ndi umene umatalika kuposa inzake, ndipo ndi umenenso anthu amaukakamira ndi mtima wonse.

Khalani ndi poyeserera

Musanakhudze chilichonse, pakhale mapulogalamu awiri ofanana: ina yeniyeni, ina yoyeserera. Chosintha chilichonse chiyambe kuyesedwa mu yoyesererayo. Muipatse mtundu wina pamwamba kapena dzina loti ZOYESERERA m'zilembo zikuluzikulu, chifukwa tsiku lina kashiya adzagulitsira mmenemo m'mawa wonse osazindikira.

Masetingi: ntchito yambiri imathera pano

Anthu ambiri amathamangira kuitana wolemba mapulogalamu pa zinthu zomwe zili kale m'masetingi, zongofuna kuyatsa. Yambani ndi maziko: dzina la kampani monga lilili pa satifiketi, ndalama ikhale kwacha, ndi mwezi umene chaka chanu cha ndalama chimayambira. Mndandanda wa maakaunti musaupange nokha usiku. Khalani pansi ndi akauntanti wanu, mutenge umene wabwera ndi pulogalamu, muchotse zosafunika, muwonjezere zochepa. Zinthu zimenezi zikangoyamba kulandira manambala zimavuta kusintha, ngati maziko a nyumba yomwe yafika kale pa lintala.

Msonkho muulembe malo amodzi okha. Kwa zaka zambiri VAT ku Malawi inali 16.5 peresenti, moti ena anazolowera kuilemba paliponse: m'mitengo, pa lisiti, m'malipoti. Koma mlingo wa msonkho umasintha ndi bajeti ya boma. Mukauika m'kabokosi kake ka msonkho, tsiku losintha mumakonza nambala imodzi basi. Siyanitsaninso katundu wolipira VAT, wa ziro peresenti, ndi wosakhudzidwa n'komwe ndi VAT. Awiri omalizawa amaoneka ofanana palisiti, koma pa fomu yopita ku MRA pofika pa 25 mwezi wotsatira amakhala m'mizere yosiyana.

Njira zolipirira zikhale chilichonse ndi akaunti yake: ndalama zapamanja, Airtel Money, TNM Mpamba, makina a khadi, ndi banki iliyonse payokha. Mukaziphatikiza zonse pa dzina loti "kashi", madzulo kashiya adzawerenga za m'kabati n'kupeza zaperewera, pomwe ndalamazo zili phee mufoni.

Weyahausi ndi nthambi iliyonse ikhale malo akeake mupulogalamu, ndipo muwonjezere malo ena awiri omwe alibe khoma: a katundu amene ali panjira, ndi a katundu woonongeka. Matumba 50 akachoka kuweyahausi n'kufika 48 kunthambi, awiri aja amatsalira "panjira" mpaka wina afotokoze.

Nanga simenti yolipiriratu ija? Sifuna code (malangizo amene wolemba mapulogalamu amalembera kompyuta) ngakhale mzere umodzi. Mapulogalamu onse awiriwa amasiyanitsa chikalata cha ndalama ndi chikalata chotulutsira katundu. Mumalemba oda ya matumba 100, mumalandira ndalama, ndipo sabata iliyonse mumatulutsa Delivery Note ya matumba khumi. Pulogalamu imasunga yokha kuti atsala angati, ndipo imakuonetsani kuti mwa matumba amene ali m'weyahausi, angati ali ndi eni ake kale.

Katundu ndi miyeso: apa khalanipo nthawi

Ngati pali malo amene ntchito yonse imapambanira kapena kufera, ndi pano.

Yambani ndi mayina. Katundu mmodzi, dzina limodzi. Mu Excel yakale mupeza "Misomali 4", "4 inch nails" ndi "msomali wa folo" zili mizere itatu, koma ndi chinthu chimodzi. Gwirizanani kalembedwe, mwachitsanzo mtundu kaye, kenako kukula, kenako wopanga, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye akhale ndi chilolezo cholenga katundu watsopano. Malata musawalembe ngati zinthu makumi anayi zosiyana. Lembani lata limodzi monga kholo, ndipo geji, kutalika kwa mafiti ndi mtundu zikhale nthambi zake. Mapulogalamuwa amazitcha variants.

Tsopano miyeso. Ndikuuzeni zomwe zinandionekera ine ndemwe, pa shopu ina yomwe sinditchula. Misomali inkabwera m'makatoni a makilo 25, koma pakauntala inkagulitsidwa pa kilo. Polowetsa katundu ndinalemba makatoni 40, koma ndinaiwala kuuza pulogalamu kuti katoni imodzi ndi makilo 25. Ndiye kashiya akagulitsa makilo awiri, pulogalamu inkachotsa makatoni awiri. Pofika Loweruka anali atagulitsa makilo 130, ndipo kompyuta inkanena kuti misomali yatsala makatoni 90 kunsi kwa ziro. Choipitsitsa, pa kilo iliyonse inkawerengera mtengo wogulira katoni yathunthu, moti lipoti la phindu linafiira lonse.

Ndinafika pashopu n'kupeza abwana atamuimika mnyamata wa kuweyahausi pakhomo, pepala lili m'manja likunjenjemera.

"Iwe, misomali yanga yapita kuti?"

"Bwana, ili momwemo. Tiyeni mukaone nokha."

Tinalowa. Makatoni 34 ali ndundundu pakona osatsegula, ina yotsegula ili pafupi ndi sikelo. Palibe chinasowa. Ndinachita kuvula chipewa n'kupepesa kwa onse awiri, koma mnyamatayo anatha mwezi osandiyankha moni bwinobwino, ndipo sindimuimba mlandu.

Chomwe ndinaphunzira ndi ichi: muyeso wosungira katundu ukhale waung'ono kwambiri umene mumagulitsira. Misomali pa kilo, waya wamagetsi pa mita, simenti pa thumba. Katoni, mpukutu ndi dazeni zikhale miyeso yogulira, iliyonse ndi nambala yake yosinthira. Zinthu zosaduka, monga loko kapena wilibala, muziikire lamulo loti sizilandira theka. Mukatha, yesani mu pulogalamu yoyeserera: gulani katoni imodzi, gulitsani kilo imodzi, muone ngati zatsala 24. Kuyesa kwa mphindi ziwiri kumeneku kukanamupulumutsa mnyamata uja.

Palinso kabatani kololeza sitoko kutsika kunsi kwa ziro. Mu ERPNext kamatchedwa Allow Negative Stock. Kazimitseni. Makashiya adzadandaula sabata yoyamba kuti kompyuta ikukana kugulitsa chinthu chomwe akuchiona ndi maso pashelefu. Kukanako kukutanthauza kuti wina sanalowetse katundu amene wafika, ndipo ndi bwino zidziwike lero kusiyana ndi kumapeto kwa chaka.

Mitengo, ndi mtengo weniweni wa katundu wakunja

Pangani mindandanda ya mitengo iwiri kapena itatu: wa pakauntala, wa opikula, mwina ndi wa makontilakita. Kasitomala aliyense amangiriridwe ku mndandanda wake, kuti mtengo usamadalire nkhope ya munthu kapena mmene kashiya wadzukira.

Katundu wochokera kunja amanamiza. Invoyisi ya ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam si mtengo wake wonse. Pali thiransipoti, msonkho wa pachipata cha Mwanza kapena Songwe, malipiro a ejenti wokuombolerani katundu, ndi otsitsa. Odoo ndi ERPNext onse ali ndi gawo la landed cost, limene limamwaza ndalama zimenezi pa katundu yense wa mu lole imeneyo. Yatsani gawoli, ndipo ganizirani bwino kamwazidwe kake. Mukamwaza potengera kuchuluka kwa zinthu, kabawuti kamodzi kadzasenza thiransipoti yofanana ndi ya jenereta.

Ngati mumagula mu dola kapena randi, lembani ngongole ya wokugulitsaniyo mu ndalama yomweyo, osati mu kwacha. Amene anali ndi ngongole za madola mu November 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, akudziwa chifukwa chake. Mu May 2022 inali itagwanso ndi 25 peresenti. Pulogalamu imawerengera phindu potengera mtengo umene munagulira, kaya mwasankha FIFO (katundu woyamba kulowa ndiye woyamba kutuluka) kaya avereji, ndiye imatha kukuonetsani phindu lokongola pa katundu amene ndalama zake sizingakwanenso kuoda wina. Apa ndi pamene kabokosi kamodzi kowonjezera kamathandiza: "mtengo woodera lero". Koma za tibokosi tibwerako.

Ndani aloledwe kuchita chiyani

Aliyense akhale ndi dzina lake ndi pasiwedi yake. Zoti shopu yonse ikulowera pa dzina la abwana zithe tsiku loyamba, apo ayi simudzadziwa amene anatsitsa mtengo Lachiwiri masana.

Gawani zilolezo potsata udindo, osati munthu. Kashiya agulitse ndi kulandira ndalama, koma asaone mtengo wogulira ndipo asafafanize invoyisi. Wa kuweyahausi alandire ndi kutulutsa katundu, koma asasinthe chiwerengero cha sitoko popanda wina kuvomereza. Wolemba oda asakhale yemweyo wovomereza malipiro ake. Kasitomala wangongole aliyense akhale ndi malire, ndipo akafika pamenepo pulogalamu ikane yokha. Zimamuthandiza kashiya, poti kukaniza munthu wamkulu amene amacheza ndi abwana n'kovuta, koma kunena kuti "pepani bambo, kompyuta yakana" n'kosavuta.

Chenjezo limodzi: musachulutse zofuna chivomerezo. Mukati kutsitsa mtengo kulikonse kudikire abwana, tsiku limene iwo ali kumaliro kumudzi kopanda netiweki shopu idzaima, ndipo mapeto ake adzapereka pasiwedi yawo kwa kashiya pafoni. Lolani kashiya atsitse pang'ono payekha, woyang'anira nthambi atsitse kuposerapo, abwana aitanidwe pa zazikulu zokha.

Tibokosi towonjezera ndi maonekedwe a mapepala

Apa tafika popinda manja penipeni. Mu ERPNext muli Customize Form, mu Odoo yolipira muli Studio. Zonsezi zimakulolani kuwonjezera kabokosi pafomu, kubisa komwe simukafuna, kapena kusintha dzina lake popanda kulemba code.

Yambani ndi kubisa. Fomu ya kasitomala imabwera ndi tibokosi tambirimbiri, pomwe inu mukufuna dzina, foni, TPIN ndi komwe amapezeka. Fomu yaifupi imadzazidwa, yaitali imadumphidwa. Malo a adiresi muwasinthe agwirizane ndi kuno, kumene dalaivala amafuna kumva kuti "mukadutsa chigayo mukhotere kumanja, geti lobiriwira", osati nambala ya msewu.

Powonjezera, kabokosi kalikonse kayankhe mafunso awiri: adzakadzaza ndani, nanga adzakawerenga ndani? Ngati funso lachiwiri lilibe yankho, kasiyeni. Pa hadiweya yathu tokwanira ndi tochepa: nambala ya galimoto yotenga katundu, dzina la wotumidwa, nambala yotsimikizira malipiro a pafoni, ndi mtengo woodera lero uja. Pomwe zingatheke, munthu asankhe pa mndandanda m'malo molemba yekha. Mukamusiya alembe, mudzapeza Lilongwe, LL, Lilogwe ndi L/longwe, ndipo lipoti la malonda a chigawo chilichonse lidzakhala ndi mizinda inayi. Musaumirizenso tibokosi tambiri kuti n'tosadumphika. Kashiya amene ali ndi mzere wa anthu khumi amangolemba kadontho kuti adutse.

Invoyisi, kotesheni ndi Delivery Note muzikonze zioneke zanu: chizindikiro cha kampani, TPIN, maakaunti a kubanki, malo osainira wolandira. Sindikizani pa printa yeniyeni ya pashopu, osati kungoona pa sikirini. Kapepala ka lisiti n'kopapatiza, ndipo mitengo ya masiku ano ili ndi maziro ambiri moti nambala imatha kuduka pakati. Manambala a zikalata ayambe ndi zilembo za nthambi, kuti pepala likangogwidwa m'manja lidziwike kwawo.

Malipoti ambiri amene anthu amapempha alipo kale, amangofuna kusefa ndi kusunga. Funsani abwana kuti Lolemba m'mawa amafuna kudziwa zinthu ziti zitatu. Kawirikawiri ndi izi: zalowa zingati, akutisunga ndalama ndani, chatsala pang'ono kutha n'chiyani.

Za malipiro a antchito, mwachidule

Ngati malipiro mukuwalowetsanso momwemo, chodula chilichonse chikhale mzere wake wosinthika: PAYE yomwe imapita ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, penshoni yomwe lamulo limati wolemba ntchito aike osachepera 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti, ndi levi ya TEVET ya 1 peresenti. Magawo a PAYE amasinthasintha, choncho akhale pa tebulo lomwe akauntanti angakonze yekha. Mwezi woyamba werengerani pamanja malipiro a anthu atatu, wapansi, wapakati ndi wapamwamba, mufananize.

Code ikhale yomaliza

Zikatsala zomwe masetingi ndi tibokosi zalephera, ndiye muitane wolemba mapulogalamu. Zilipo zoyenera ndithu. Kulumikiza pulogalamu yanu ndi makina a msonkho ndi chimodzi: mu 2014 amalonda olembetsa VAT anayamba kugwiritsa ntchito makina a EFD otulutsa malisiti a msonkho, ndipo kenako MRA inabweretsa njira ya EIS yotumizira mainvoyisi pa intaneti. Funsani ku MRA komweko zomwe pulogalamu yanu iyenera kukwaniritsa musanalipire aliyense. China ndi kukoka malipiro a pafoni kuti azilowa okha.

Koma walira mvula walira matope. Odoo, yomwe inayamba mu 2005 ndi dzina loti TinyERP n'kudzatenga dzina la lero mu 2014, imatulutsa mtundu watsopano chaka chilichonse, ndipo mitundu yakale imafika posiyidwa. ERPNext nayo imasuntha. Code iliyonse imene mwawonjezera iyenera kuyesedwanso, mwinanso kulembedwanso, nthawi iliyonse mukukwera mtundu watsopano. Mumalipira polemba, n'kumalipirabe chaka ndi chaka. Ndinaonapo kampani itakakamira pa mtundu wakalekale chifukwa amene anaikonzera anasintha mafayilo a mkati mwenimweni mwa pulogalamu, kenako anapita kunja, foni n'kusintha. Aliyense ankaopa kukhudza. Kumeneko ndiye kusomola mapewa.

Choncho musanasaine, gwirizanani izi polemba. Zosintha zonse zikhale m'phukusi lakelake, lomwe Odoo imalitcha module ndipo ERPNext imalitcha app, osakhudza mafayilo a eni pulogalamu. Code ikhale yanu, isungidwe pamalo pomwe inu muli ndi kiyi, ndipo pasiwedi yaikulu ya seva ikhale ndi inu, osati iye yekha. Alembe m'mawu osavuta chomwe wasintha ndi chifukwa chake. Malipiro akhale m'zigawo, chigawo chomaliza chituluke kashiya wanu atayesa ndi manja ake n'kuvomera. Ndipo mufunseni funso ili maso ndi maso: "Achimwene, tikadzafuna kukwera mtundu wa chaka chamawa, izi zidzatidya zingati?" Akayamba kuyang'ana kudenga, ganizani kawiri.

Inunso sungani kope la zosintha zonse, ngakhale zazing'ono: tsiku, chomwe chasinthidwa, anapempha ndani. Pakatha chaka palibe amene amakumbukira chifukwa chomwe kabokosi kena kanaikidwira.

Kusamuka

Musasamutse mbiri yonse ya zaka khumi. Tengani mndandanda wa katundu woyeretsedwa uja, makasitomala ndi okugulitsani amene akadali amoyo pa malonda, ngongole zomwe zisanalipidwe invoyisi ndi invoyisi, ndi ndalama zotsala m'maakaunti pa tsiku losamukira. Zakale zikhale mu pulogalamu yakale, yongowerenga. Mapulogalamu onsewa amalandira fayilo ya Excel, koma yambani ndi mizere khumi, muione bwino, kenako mulowetse yonse.

Sankhani tsiku loyamba la mwezi, ndipo usakhale mwezi wa malonda otentha. Kwa hadiweya, miyezi ya chilimwe pamene anthu agulitsa mbewu ndipo aliyense akuthamangira kufolera mvula isanagwe si nthawi yophunzira mabatani. Dzulo lake tsekani shopu muwerenge sitoko yonse ndi manja, anthu awiriawiri, wina kuwerenga wina kulemba. Nambala yolowa mupulogalamu ikhale ya pashelefu, osati ya m'buku. Simenti ya eni ake ija muiwerenge padera.

Pophunzitsa, musasonkhanitse anthu onse m'chipinda chimodzi tsiku lathunthu. Kashiya aphunzire zake zokha, pakauntala pake, ndi katundu amene amamudziwa. Mupatseni zovuta zenizeni za m'kope lija: wolipira theka pafoni theka pamanja, wobweza penti, wofuna kotesheni ya sukulu. Mulembereni pepala limodzi m'Chichewa, mulimate pambali pa sikirini. Pashopu pamakhala munthu mmodzi amene amagwira msanga, nthawi zambiri si amene mumamuyembekezera. Ameneyo mumuphunzitse mozama, akhale woyamba kufunsidwa.

Konzekeraninso tsiku lomwe magetsi a ESCOM adzazima kapena netiweki idzagwa, chifukwa lidzafika sabata yomweyo. Gawo logulitsira pakauntala la Odoo limapitiriza kugwira ntchito intaneti ikaduka n'kudzatumiza ikabwera, koma yesani nokha pozula waya musanakhulupirire. Rauta ndi kompyuta ya pakauntala zikhale ndi batire, pakhale simu ya kampani ina yapadera, ndiponso buku la malisiti apamanja la manambala, ndi lamulo loti zolembedwa mmenemo zilowe mukompyuta tsiku lomwelo. Backup, kukopera zonse za mupulogalamu n'kuzisunga padera, ichitike tsiku lililonse, isungidwe kunja kwa shopu, ndipo kamodzi pa miyezi ingapo muibwezeretse mu pulogalamu yoyeserera kuti muone ngati ikutseguka.

Mwezi woyamba ukatha

Masabata oyamba madandaulo adzachuluka, ndipo aliyense adzabwera ndi chosintha chake. Konzani msanga zokhazo zomwe zikuimitsa malonda kapena kulakwitsa ndalama. Zina zonse zilembeni, muwauze kuti tidzaziona mwezi ukatha. Pofika tsikulo zambiri eni ake adzakhala ataziiwala, poti linali dzanja chabe lisanazolowere.

Kumapeto kwa mwezi fananizani zinthu zinayi ndi dziko lenileni: banki ndi sitetimenti yake, ndalama za pafoni ndi zomwe zili mufoni, ngongole za makasitomala akuluakulu asanu powaimbira, ndi katundu makumi awiri wosankha mwachisawawa powerenga pashelefu. Zikagwirizana, akauntanti atseke mweziwo ndi tsiku lotsekera, kuti wina asadzabwerere m'mbuyo kukasintha invoyisi yomwe VAT yake inapita kale.

Kenako tsegulani kope la zosintha lija, muyang'ane tibokosi tonse munawonjezera. Komwe mwapeza kali mbee, kapena kodzaza timadontho, pitani pakauntala mukafunse kashiya chifukwa chake musanakachotse. Pa shopu ya misomali ija, kabokosi ka nambala ya galimoto kankangokhala kopanda kanthu, ndipo nditafunsa, mayi wa pakauntala anandilozera panja: katundu wambiri ankachoka pa ngolo ndi pa njinga za kabaza. Tinakasintha dzina kukhala "wanyamula ndani", ndipo kuyambira tsiku limenelo kanayamba kudzazidwa.